Khoti linawaletsa kufika pakhomo koma akumabwerabe usiku. Chilango chake n'chiyani?

Nkhoswe wa ku Matawale

Moni nonse. Ndikufunsira mlongo wanga amene ine ndi nkhoswe yake. Mwezi wathawu anakasuma kukhoti la majisitireti kuno ku Zomba chifukwa cha nkhanza za alamu anga, ndipo khoti linamupatsa chikalata chomuteteza, chija amati protection order. Pachikalatapo palembedwa kuti bambowo asamumenye, asamuopseze, ndiponso asafike pamene iye akukhala. Alamuwo anachoka n'kukakhala kwa mnzawo. Koma Lachisanu usiku, cha m'ma 11 koloko, anadumpha mpanda n'kuyamba kumenya chitseko ndi mwala mpaka loko anagwedera. Sanalowe chifukwa aneba anadzuka. Lamlungu masana, mlongo wanga ali kutchalitchi ndi ana, anabweranso n'kutsegula ndi kiyi wawo wakale, n'kunyamula matiresi ndi matumba awiri a chimanga. Akuti lendi amalipira ndi iwowo, choncho palibe angawaletse kulowa m'nyumba yawo.

Kupolisi sitinapite chifukwa anthu akutiuza kuti tikangobwezedwa, akati nkhani za m'banja. Kodi munthu wophwanya chikalata chotere amalandira chilango chanji? Angamangidwe chifukwa cholowa pamalo oletsedwa pomwe nyumbayo anabwereka ndi iye yemwe? Tiyambire pati?

Mayi Nangozo

Achimwene, pepani ndi zimene akukumana nazo achemwali anuwo. Munthu amene wafika pomenya chitseko ndi mwala ali ndi chiletso cha khoti pamutu pake si woti muzingomuyang'ana, choncho kupolisi pitani lero lomwe.

Apa pali milandu ya mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri nkhani imawathera m'manja chifukwa choisakaniza. Woyamba ndi wophwanya lamulo la khoti. Umachokera m'lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja, Prevention of Domestic Violence Act, lomwe ndi limene linapatsa majisitireti mphamvu yotulutsa chikalatacho. Lamuloli limati munthu amene khoti lamuikira chiletso, iye n'kudziwitsidwa, kenako n'kuphwanya china chilichonse cholembedwa mmenemo, atha kulipitsidwa chindapusa chofika K500,000. Imeneyo ndi ndalama yomalizira, majisitireti atha kutchula yocheperapo poona mmene zinthu zinayendera. Wolephera kulipira amakaseweza kundende kwa nthawi imene khoti latchula m'malo mwa ndalamayo. Lamulo lomweli limalola wapolisi kumanga munthu wophwanya chikalata popanda kudikira kalata ina ya khoti.

Kuti mlandu umenewu uime, woimira boma ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti chikalata chilipo ndipo chinali chikugwira ntchito tsiku limenelo, kuti bambowo ankachidziwa, ndiponso kuti zimene anachitazo ndi zoletsedwa mmenemo. Pachiwiripo ndi pamene milandu yambiri imagwera. Ngati alamu anu analipo m'khoti tsiku limene majisitireti ankawerenga chigamulo, palibe vuto, fayilo ikuonetsa kuti anamva ndi makutu awo. Koma kawirikawiri khoti limayamba latulutsa chikalata chongoyembekezera, wodandaulidwayo kulibe, pofuna kuteteza munthu msangamsanga. Chimenechi chimayamba kumuluma bamboyo akachilandira. Ndiye pitani kwa kalaliki wa khoti mukafunse ngati m'fayilo muli umboni woti anapatsidwa, wosonyeza amene anapereka, tsiku, ndi malo. Mayi asamapereke yekha pepalali. N'zoopsa kwa iye, komanso mawa bambo adzangoti sindinalandire kanthu, ndiye adzakhala mawu a uyu ndi mawu a uyo. Apereke ndi mesenjala wa khoti kapena wapolisi, ndipo wopatsidwayo akakana kusaina, woperekayo alembe kuti wakana. Kukana kusaina sikufafaniza kuti wadziwitsidwa.

Yang'ananinso pamutu pa pepalalo. Likakhala ndi mawu oti interim, ndiye kuti ndi longoyembekezera, lili ndi masiku ake, ndipo pali tsiku lobwerera kukhoti kuti mbali zonse zikamvedwe. Amayi ambiri akalandira pepala loyambali amaona ngati nkhani yatha, tsiku lija osapitako. Pepala limatha mphamvu iwo alisunga bwinobwino m'chikwama, ndipo bambo akabwera pambuyo pake mlandu wophwanya chikalata palibenso.

Mtundu wachiwiri ndi milandu ya mu Penal Code, lamulo lalikulu la milandu ndi zilango zake, imene ilipo kaya pali chikalata kaya palibe, ndipo ndi imene imatsekeretsa munthu nthawi yaitali. Kulowa pamalo amene ali m'manja mwa wina ndi cholinga chomuopseza, kumunyoza, kumusowetsa mtendere kapena kupalamula mlandu wina ndi criminal trespass, pa gawo 314. Chilango chake ndi ndende, ndipo chimakwera malowo akakhala nyumba yogonamo anthu. Loko amene anagwedera uja ndi mlandu pawokha wowononga katundu mwadala. Akamumenya koma osavulala, gawo 253 limafika chaka chimodzi. Akamusiya ndi zotupa kapena mabala, gawo 254 limafika zaka zisanu. Akamuvulaza modetsa nkhawa, monga kuthyola fupa kapena kuwononga diso, gawo 238 limafika zaka 14. Munthu mmodzi atha kuzengedwa milandu ingapo pa zimene anachita usiku umodzi, choncho popereka sitetimenti achemwali anu afotokoze chilichonse pachokha: mpanda, mwala, mawu amene bambowo ankalankhula ali panja, loko, kenako za Lamlungu.

Za chimanga ndi matiresi ndikuchenjezeni. Mukangoti anaba, bambowo adzati ndi katundu wa banja, ndinagula ndine, ndipo mlandu wakuba umavuta munthu akamakhulupirira kuti ali ndi gawo pa chinthucho. Njira yolunjika ndi kuona ngati chikalata chinawaletsa kutenga katundu amene mayi ndi ana akugwiritsa ntchito. Ngati sichinatchule, pemphani khoti liwonjezere mfundo imeneyo ndi kulamula kuti abweze. Lamulo la 2006 limalola zimenezi.

Che Bwanali a ku Domasi

Mayi Nangozo afotokoza bwino. Ine ndikhazikike pa mawu a alamu anuwo oti nyumba ndimalipira ndine, chifukwa ndi amene abambo ambiri amabisalamo, ndipo ali ndi kachoonadi kochepa kamene muyenera kukatseka.

Mlandu wa pa gawo 314 sufunsa kuti mwini nyumba ndani. Umafunsa kuti malowo ali m'manja mwa yani panthawiyo. Mwamuna ndi mkazi akamakhala limodzi, nyumba ili m'manja mwa onse awiri, ndiye n'kovuta kunena kuti mwamuna walowa kwa eni pomwe zovala zake zili mkatimo. N'chifukwa chake wapolisi amazengereza akamva kuti dzina la palendi ndi la bamboyo. Chimene chimasintha zinthu ndi mawu a pachikalata. Khoti likanena kuti bamboyo achoke ndipo asafikenso, nyumbayo yatsala m'manja mwa mayi, ndipo lisiti la lendi silimutseguliranso chitseko. Kulipira lendi ndi kukhala ndi ufulu wolowa ndi zinthu ziwiri. Ndiponso khoti litha kumulamula kuti apitirize kulipira lendiyo iye akugona kwina.

Vuto limene ndaliona m'funso lanu ndi mawu oti asafike pamene iye akukhala. Ndi otakasuka kwambiri. Wochenjera adzati ndinapita iye kulibe, kapena adzati ndinaima pamsewu, sindinaponde pakhomo. Lamulo la 2006 lili ndi zikalata zina ziwiri zimene anthu sazipempha chifukwa chosazidziwa. Occupation order imapatsa wodandaula ufulu wokhala m'nyumbamo payekha, winayo n'kutulutsidwa, ngakhale nyumbayo ikhale ya winayo. Tenancy order ndi ya nyumba za lendi ngati yanuyi: imasamutsira ulendi kwa wodandaula, kuti amene alandilodi akumudziwa ngati mlendi akhale mayiyo. Zonsezi zimapemphedwa kukhoti lomwelo, pafayilo yomweyo. Popempha, tchulani nyumbayo mwatchutchutchu: dera, nambala ya puloti ngati ilipo, dzina la alandilodi, ndi chizindikiro chapafupi monga chigayo kapena mjigo. Pemphani kuti aletsedwe kufika pamalo onse a mkati mwa mpanda, mayi alipo kapena kulibe, ndiponso kuti khoti litchule mtunda wa mamita umene asayandikire. Onjezani kumene mayiyo amagwira ntchito kapena kugulitsa malonda, ngati ndi benchi ya mumsika wa Zomba kapena ku Mpondabwino itchulidwe, ndi sukulu ya ana. Chimene sichinalembedwe, wapolisi sangamangire munthu.

Kumudzi nkhaniyi imayenda mosiyana pang'ono. Kuno kwathu madera ambiri, kaya kwa Malemia, kwa Chikowi kapena kwa Kuntumanji, ukwati ndi wachikamwini, mwamuna amakamanga kwa mkazi. Malo ndi a mbumba ya mkaziyo, ndiye mkamwini amene khoti lamuchotsa sangati pano m'panga. Amangotsala ndi dandaulo la malata ndi njerwa zimene anagula, ndipo limenelo ndi la pogawana katundu ukwati ukatha, pansi pa lamulo la maukwati la 2015, osati chilolezo chobwera usiku kudzasasula denga. Kumene mkazi anatengedwa chitengwa, kapena m'tauni muno mmene nyumba zambiri ndi za lendi, m'pamene occupation order ndi tenancy order zimafunika kwambiri.

Za kiyi uja. Mu Penal Code kuthyola nyumba sikutanthauza kuswa chitseko kokha. Kutsegula loko, kukankha chitseko chotseka kapena kukweza windo kumawerengedwa kuti ndi kuthyola. Munthu akatero n'kulowa m'nyumba yogona anthu ndi cholinga chopalamula mlandu waukulu, monga kuvulaza kapena kugwiririra, ndiye gawo 309, housebreaking masana, burglary usiku, ndipo chilango chake pamapepala chimafika imfa kapena moyo wonse m'ndende. Sindikunena kuti za Lamlunguzo zifika pamenepo, wosankha mlandu ndi woimira boma ataona umboni, ndipo cholinga cha munthu chimafuna umboni wakewake. Ndikungofuna muone kuti lamulo silitenga kulowa m'nyumba mwamtunduwu ngati kanthu kakang'ono.

Loko musinthe lero, alandilodi atadziwa, ndipo muwapatse fotokope ya chikalata kuti asadzapereke kiyi wina kwa bambowo mosadziwa. Koma musanachotse loko wogwederayo mujambuleni ali pachitseko pomwepo, kenako mumusunge. Katundu wa bambowo amene watsala mkati, zovala, zida za ntchito, mapepala a sukulu, musamutayire panja kapena kumugulitsa. Pemphani khoti litchule tsiku ndi ola loti adzatenge ali ndi wapolisi. Mukatero mwawachotsera chifukwa chija choti ndinangobwera kudzatenga zanga.

Anaphiri a ku Sadzi

Zoti mukabwezedwa zisakugwetseni ulesi. Lamulo la 2006 limalamula wapolisi kuchitapo kanthu pa dandaulo lililonse la nkhanza za m'banja ndi kulilemba. Chofunika ndi mmene mwafikira.

Pitani ku Victim Support Unit, imene anthu amangoti VSU, papolisi ya Zomba kapena yoyandikana nanu. Tengani chikalata chenicheni chokhala ndi chidindo cha khoti, mafotokope osachepera atatu, ndi chiphaso cha mayiyo. Chenichenicho onetsani koma musachisiye, musiye fotokope. Mawu oyamba asakhale oti tayambana ndi amuna anga, chifukwa mukatero nkhani imalowera kuuphungu, aitanidwe bambo mudzakambirane. Anene kuti: ndili ndi protection order ya khoti, nambala ya mlandu ndi iyi, yaphwanyidwa Lachisanu ndi Lamlungu, ndabwera kudzatsegula mlandu. VSU imagwira ntchito zonse ziwiri, kuyanjanitsa ndi kutumiza nkhani kwa ofufuza, ndiye wodandaula ayenera kunena poyera chimene wabwerera. Dandaulo likalembedwa m'buku la zochitika, lija amati OB, funsani nambala yake, ndipo lembani dzina ndi udindo wa wapolisi amene wapatsidwa nkhaniyo. Popanda zimenezi, mukabwera mawa mupeza wina pa shifiti ndipo muyambiranso pachiyambi. Mukaona kuti pakauntala sizikuyenda, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa VSU kapena mkulu wa polisiyo. Likulu la polisi la chigawo cha kummawa lili mu Zomba momwemuno.

Sitetimenti awerenge kapena awerengeredwe m'Chichewa asanasaine. Muzikhala tsiku, nthawi, ndi mawu enieni amene bambowo ananena. Ndikupha ndi mawu ena, tsegula ndi mawu ena, ndipo kukhoti amalemera mosiyana.

Umboni ndi wosavuta kusonkhanitsa ngati mwayamba msanga. Aneba amene anadzuka aja, awiri akwana, apite akapereke sitetimenti zinthu zikadali m'mutu. Pakapita mwezi ambiri amayamba kuopa kapena kunena kuti sitinaone bwino kunali mdima. Amene anaona matumba akukwezedwa Lamlungu, kaya wa kabaza amene ananyamula, ndi mboni yabwino kwambiri chifukwa alibe mbali. Jambulani chitseko, mwala, pamene anadumphira mpanda. Mayi akhale ndi kope limodzi lolembamo chilichonse chochitika, tsiku ndi nthawi, ngakhale kungoimikidwa panjira yopita kumjigo. Mauthenga a pafoni asafufute, ndipo awatumizenso kufoni yanu, poti chinthu choyamba chimene bambo wolusa amaswa ndi foni.

Zikadzafika pomenyedwa, Mulungu aletse, apolisi amapereka kalata yopita nayo kuchipatala kuti adokotala alembe lipoti la mabala. Lipoti limeneli ndi limene limasiyanitsa chaka chimodzi ndi zaka zisanu kapena 14 zimene atchula Mayi Nangozo. Ngati magazi akutuluka yambani kuchipatala, kalata itsatira. Pachipatala chachikulu cha Zomba pali One Stop Centre, pamene wochitiridwa nkhanza amapeza achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu pamalo amodzi. Ngati wagwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo asasambe kapena kuchapa zovala asanaonedwe.

Bambowo akamangidwa, malamulo aakulu a dziko amati afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito. Belo ndi ufulu wawo, choncho musadabwe kuwaona panja, ndipo musaganize kuti mlandu watha. Chimene mungachite ndi kuonana ndi woimira boma mlandu usanalowe, n'kumuuza kuti pali chikalata chimene chaphwanyidwa kawiri m'masiku atatu. Iye atha kupempha khoti kuti likane belo, kapena liike mfundo yoti asayandikire mayi ndi mboni. Akaphwanya mfundo ya belo, khoti litha kuilanda n'kuwabwezera kundende kudikira mlandu. Masiku oyamba munthu atangotuluka ndi oopsa kwambiri, mayi asagone yekha.

Usiku zikavuta imbani 997. Palinso 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi ndi 116 ya ana, zimene amayendetsa a YONECO, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, ndipo kuimba kwake n'kwaulere. Pa zolemba zopempha occupation order, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi ku Zomba ndipo amathandiza amene sangakwanitse loya.

Nkhoswe wa ku Matawale

Zikomo kwambiri nonse. Ndaliona pepalalo, lalembedwadi interim, ndipo tsiku lobwerera kukhoti ndi sabata yamawa. Analipereka ndi mesenjala wa khoti. Koma pali zina zimene sindinanene. Sabata yoyamba mlongo wanga anawalola alamuwo kulowa kamodzi masana kuti aone ana, poti wamng'ono ankalira. Kodi zimenezi sizinaononge chikalata? Chinanso, ankhoswe a kuchimuna akundipanikiza kuti tikhale pansi, akuti banja ndi kupirira, mlandu uchotsedwe. Ndipo achemwali awo a bambowo akumamutumizira mlongo wanga mauthenga pa WhatsApp oti akamangitsa m'bale wawo adzaona.

Mayi Nangozo

Chikalata sichinaonongeke, achimwene. Chinatulutsidwa ndi khoti, ndipo wochisintha kapena kuchithetsa ndi khoti lokha, mmodzi wa awiriwo atapempha. Mayi sangachithetse potsegula chitseko, ankhoswe sangachithetse pabwalo, ngakhale amfumu. Woletsedwa ndi bamboyo, osati mayiyo, ndiye achemwali anu sanapalamule. Komabe tsiku limenelo lidzatchulidwa kukhoti, bambowo adzati amandiitana yekha. Choncho asalibise. Alinene yekha musitetimenti: tsiku lakuti ndinamulola kuona ana masana, Lachisanu ndi Lamlungu sindinamuitane. Mboni imene yabisa kanthu kakang'ono n'kugwidwa, majisitireti amayamba kukayikira ndi zazikulu zomwe. Kuyambira pano asawalolenso.

Nkhani ya ana ndi khomo limene ambiri amalowera, ndiye itsekedwe sabata yamawa pomwepo. Chikalata sichilanda bambo ubambo wake. Pemphani majisitireti alembe mmene azionera ana: tsiku liti, maola angati, kuti, ndipo wowaperekeza ndani. Malo akhale ena, monga kwa agogo kapena kwa inu ankhoswe, mayi asakhalepo. Ndalama ya chisamaliro cha ana isamadzaperekedwe pamanja pakhomo, chifukwa imasanduka chifukwa chobwerera. Idutse kukhoti kapena pa Airtel Money kapena Mpamba, pamene pamatsala umboni. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limakakamiza kholo kusamalira mwana kaya likukhala naye kaya ayi, ndipo ku Zomba kuli khoti la ana limene limamva nkhani zotere.

Za ankhoswe, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti unkhoswe ndi wolemekezeka ndipo mabanja ambiri aimapo. Kukambirana za tsogolo la banjali palibe akuletsa. Koma musamuike mlongo wanu pamphasa imodzi ndi bambowo chikalata chili chikugwira ntchito, chifukwa mukatero inu eni mwawabweretsa pamtunda umene khoti linaletsa. Ankhoswe okhaokha atha kukumana. Ndipo muwauze a kuchimunawo mosapsatira kuti mlandu wa kupolisi ukatsegulidwa ndi wa boma, mayi ndi mboni chabe. Khoti limatha kulola kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono monga kumenya kosavulaza, koma wovomereza ndi majisitireti, ndipo amafuna kumva kwa mayiyo kuti sakukakamizidwa. Chimene chimachitika kawirikawiri n'choti mayi amangosiya kupita kukhoti, mlandu n'kuthetsedwa posowa mboni. Bambo amaphunzirapo kuti pepala lija ndi lopanda mano, ndipo ulendo wotsatira sabwera ndi mwala wa chitseko okha.

Mauthenga a achemwali awowo asungidwe, nambala ndi tsiku zikuoneka. Lamulo la 2006 limalola khoti kuletsa bambo kutuma kapena kulimbikitsa munthu wina kuchita zimene iye waletsedwa, ndiye pemphani mfundo imeneyi ilowe m'chikalata chokhazikika. Wotumiza mauthengayo payekha athanso kuyankha mlandu woopseza, ndipo kuzunza munthu kudzera pafoni kapena pa intaneti ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Mayi asayankhe ngakhale liwu limodzi. Akabweza chipongwe, mauthenga akewo adzawerengedwanso m'khoti.

Bambo Mbewe a ku Thondwe

Ine pamene mtima umandiwawa ndi pa chindapusa chija. K500,000 inalembedwa mu 2006, ndipo kwacha ya nthawi imeneyo si ya lero. Kwa munthu wa bizinesi ndi ndalama yoti abale asonkha tsiku limodzi. Kwa wosauka, imachokera m'thumba lomwelo la ana, mbuzi kapena njinga n'kugulitsidwa, ndipo ndalamayo imapita kuboma, mayi osaonapo tambala. N'chifukwa chake amayi ena amaopa kukanena, amaona kuti akudzilanga okha.

Ndiye sabata yamawayo musangopita ndi nkhani yoti aphwanya. Lamulo lomwelo limalola khoti kulamula bamboyo kulipira chipukuta misozi kwa wodandaula, chofika K1,000,000, pa zinthu zimene wataya chifukwa cha nkhanzazo: ndalama za kuchipatala, katundu woonongeka, ndalama zosamukira, malonda amene anaima. Koma majisitireti sangolota nambala. Tengani lisiti la loko watsopano ndi la kalipentala, mtengo wa matumba awiri a chimanga pamsika sabata imeneyo, mtengo wa matiresi, zonse zolembedwa papepala limodzi ndi chiwonkhetso pansi. Ngati bambowo ali ndi mfuti, kaya ya kuntchito kaya yawo, nenani, khoti litha kulamula kuti iperekedwe kupolisi.

Muuzeninso woimira boma kuti mukufuna milandu ya mu Penal Code ilembedwe pamodzi ndi wophwanya chikalata, osati umodzi wokha. Majisitireti popereka chilango amaona ngati munthu ndi woyamba kupalamula, ngati wavomera, ndiponso ngati anachita mwadala podziwa kuti waletsedwa. Kubwera usiku, kudumpha mpanda, ana ali mkati, n'kubwereranso patangopita tsiku limodzi, zonsezi zimakulitsa mlandu, koma zimafika m'makutu a khoti pokhapokha zitalembedwa mudoketi, fayilo ya mlandu ya apolisi. Akapatsidwa chilango choimikidwa, chija amati akapalamulanso m'nthawi yakuti adzakaseweza, pemphani kalaliki akupatseni kope la chigamulocho mulisunge pamodzi ndi chikalata.

Pofika tsiku la khotilo, fotokope imodzi ikhale kwa inu, ina kwa aneba amene anadzuka aja, ina kwa wapampando wa community policing wa m'dera lanulo, ndipo mayi ajambule masamba onse pafoni. Agwirizane ndi anebawo chizindikiro, kaya wenzulo kaya kumenya chidebe, ndipo wina mwa iwo akhale ndi nambala ya wapolisi amene wapatsidwa nkhaniyo. Aneba akamugwira bamboyo pakhomo asamumenye, angomusunga n'kuitana apolisi, apo ayi mlandu utembenukira iwo. Tsiku la khoti fikani m'mawa khoti lisanayambe, muonane ndi kalaliki kuti fayilo ili pamndandanda wa tsikulo, ndipo mlongo wanu alowe ndi kutuluka pageti ali ndi inu.